Kupeza nyumba ya lendi m'tauni yaing'ono muli ndi galu kapena mphaka

Munthu amene akusamukira m'tauni yaing'ono ali ndi galu kapena mphaka amazindikira msanga kuti vuto lake n'losiyana ndi la mnzake wa mumzinda waukulu. Mumzinda nyumba za lendi zimakhala zambirimbiri, moti mwini nyumba wina akakana mumangotembenuka n'kukagogoda kwina. M'tauni yaing'ono nyumba zopanda anthu mumaziwerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo eni ake nthawi zambiri sakhala makampani koma anthu wamba: mphunzitsi wopuma pa ntchito amene adamanga kanyumba kachiwiri kuseri kwa yake, mayi wamasiye amene amadalira ndalama ya lendi mwezi ndi mwezi, kapena banja lomwe lidasamukira kutali n'kusiya makiyi m'manja mwa wachibale. Anthu amenewa amadziwana, amacheza, ndipo mbiri ya munthu wofuna nyumba imawafika m'khutu asanamuone n'komwe.

Ambiri amaona zimenezi ngati tsoka, koma ine ndimaziona ngati mwayi. Kampani ikakhazikitsa lamulo loletsa ziweto, kalaliki wokhala pakauntala alibe mphamvu yolisintha ngakhale atakumverani chisoni chotani. Munthu amene nyumbayo ndi yake amasankha yekha, ndipo amatha kusintha maganizo akaona kuti nkhawa zake mwaziyankha. Choncho ntchito yanu yaikulu si kusakasaka nyumba yolengezedwa kale kuti imalola ziweto, popeza zoterozo n'zosowa, koma kukhutiritsa munthu mmodzi wokayikira kuti chiweto chanu sichidzamugwetsa m'mavuto, kenako n'kuonetsetsa kuti chilolezo chakecho chalembedwa papepala.

Kumene nyumba zimamvekera

Yambani msanga. Ngati munthu wopanda chiweto angapeze pokhala m'mwezi umodzi, inu dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa makomo ena mudzabwererako chimanjamanja. Munthu amene kwamutsalira masiku atatu kuti atuluke kumene akukhala amavomera chilichonse, ndipo nthawi ngati imeneyo ndi imene anthu amayamba kunama kapena kusiya chiweto chawo pamalo osayenera.

M'matauni ang'onoang'ono nyumba zambiri sizifika n'komwe pa intaneti. Zimamveka pakamwa pa anthu, ndipo zimatengedwa chikwangwani chisanakhomedwe. Malo oyamba kukafunsa ndi kwa dokotala wa ziweto wa m'deralo. Ogwira ntchito kumeneko amadziwa mabanja amene ali ndi agalu, amamva za amene akusamuka, ndipo kawirikawiri amadziwanso eni nyumba amene nawonso amaweta. Chimodzimodzi ogulitsa zakudya ndi mankhwala a ziweto. Mukakumana ndi munthu akuyenda ndi galu pachingwe madzulo, mupatseni moni, yamikirani galu wakeyo, kenako mufunseni ngati ali pa lendi komanso kuti nyumbayo adaipeza bwanji. Mwini galu sachedwa kumasuka mukayambira nkhani pa galu wake. Onaninso mabolodi a zidziwitso a kupositi ofesi ndi kulaibulale, magulu a Facebook ndi WhatsApp a anthu a m'tauniyo, ndipo ngati mukusamukira ntchito, uzani anzanu a kuntchito yatsopanoyo musanafike.

Zilengezo za nyumba zimakhala za mitundu itatu. Zina zimanena kuti ziweto n'zololedwa, ndipo zimenezo musazigonere. Zambiri sizinena kanthu, ndipo m'menemo ndi mmene muli mwayi wanu weniweni, chifukwa kukhala chete kumatanthauza kuti mwini wake sadamange mfundo. Zotsalazo zimalemba kuti ziweto ayi. Ngakhale pamenepa si kulakwa kufunsa kamodzi mwaulemu, popeza nthawi zina mawuwo amalembedwa munthu akukumbukira agalu atatu aakulu amene adamusiyira chitseko chokalikakalika, osati mphaka mmodzi wokalamba amene amangogona padzuwa. Koma akakana kwamtuwagalu, thokozani n'kupita kwina. Kukakamira kumangokuipitsirani mbiri kwa eni nyumba ena amene mukufuna kukawaona mawa.

Mukhozanso kulemba chilengezo chanu chofuna nyumba. Nenani ntchito imene mumagwira, chiwerengero cha anthu a pabanja panu, mtundu ndi msinkhu wa chiwetocho, ndi tsiku limene mukufuna kulowa. Chilengezo chotere chimasefa anthu: amene akuimbirani foni ndiye kuti nkhani ya galuyo aimeza kale. Ngati mukudzera mwa ejenti, muuzeni za chiweto tsiku loyamba lomwelo, ndipo muumirire kuti afunse mwini nyumba weniweniyo, chifukwa ejenti wothamangira komishoni amatha kukuuzani kuti palibe vuto asanafunse aliyense. Musatumize ndalama iliyonse pa nyumba imene simudalowemo ndi mapazi anu. Akuba amadziwa kuti anthu a ziweto amakhala atathedwa nzeru, ndiye amawatchera ndi zithunzi za nyumba yokongola, yampanda, yotchipa modabwitsa.

Chimene mwini nyumba akuopa

Musanalankhule ndi mwini nyumba, dziikeni kaye pamalo pake. Iye sadana ndi galu wanu, popeza samudziwa n'komwe. Akuopa zinthu zenizeni zimene zimadya ndalama ndi mtendere, ndipo mukazidziwa bwino mudzatha kuziyankha chimodzichimodzi.

Choyamba ndi fungo. Mkodzo wa mphaka, makamaka wamwamuna wosafula amene amathira m'makoma polemba malire ake, umalowerera m'kapeti, m'matabwa ndi m'simenti yosapaka kanthu, ndipo fungo lake limabwereranso nyengo ya chinyontho ngakhale patapita miyezi. Kukolopa ndi mankhwala okhala ndi amoniya kumangowonjezera vuto, chifukwa kwa mphakayo amanunkha ngati mkodzo ndipo amabwerera kukakodza pomwepo. Mwini nyumba amene adachotsapo kapeti yonse chifukwa cha zimenezi saiwala.

Chachiwiri ndi utitiri, ndipo apa mantha ake ali ndi maziko. Utitiri waukazi umodzi umatha kuikira mazira okwana 40 mpaka 50 pa tsiku. Mazirawo amagwera pansi, m'ming'alu ndi m'mphepete mwa khoma, ndipo ana ake akadzikulunga m'zikwa amatha kudikira miyezi ingapo m'nyumba yopanda munthu. Amatuluka akamva kutentha kwa thupi ndi kugwedezeka kwa mapazi, kutanthauza kuti amene amalumidwa ndi munthu watsopano wolowa m'nyumbamo, ndipo amene amadzudzulidwa ndi mwini nyumba.

Kenako pali zitseko ndi mafelemu okandidwa ndi zikhadabo, sefa ya pazenera yong'ambika, maenje pabwalo ndi maluwa ozulidwa. Palinso kuuwa. Galu wosiyidwa yekha tsiku lonse amatha kuuwa maola ambiri mwini wake osadziwa, popeza iye akamafika galuyo amakhala atasiya. Amene amadziwa ndi aneba, ndipo m'tauni yaing'ono anebawo mwina ndi abale kapena anzake a mwini nyumba a zaka makumi awiri. Pamwamba pa zonse pali kuluma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati pafupifupi anthu 99 mwa 100 alionse amene amadwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo matendawa akayamba kuonetsa zizindikiro sachizika. Ngakhale kumayiko kumene chiwewe chidatha, galu akaluma mwana wa mneba kapena munthu wodzawerenga mita, nkhaniyo ikhoza kukathera kupolisi kapena kukhothi, ndipo dzina la mwini nyumba likhoza kutchulidwa nawo.

Konzani umboni

Mawu akuti "galu wanga ndi wofatsa" mwini nyumba aliyense adawamvapo, ngakhale kwa anthu amene agalu awo adatafuna chitseko. Chimene chimasiyanitsa inu ndi enawo ndi mapepala.

Pitani kwa dokotala wa ziweto musanayambe kusaka nyumba. Onetsetsani kuti katemera wa chiwewe sadathe nthawi. Kagalu kapena kamphaka kamalandira woyamba kakakwanitsa pafupifupi masabata 12, ndipo wobwereza amaperekedwa pakatha chaka chimodzi kapena zitatu malinga ndi mtundu wa katemerayo ndi malamulo a dzikolo. Pemphani kuti mankhwala a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba alembedwe m'khadi pamodzi ndi masiku ake. Ndidutseko pang'ono apa: mankhwala ena a utitiri a agalu amakhala ndi permethrin, yemwe amatha kupha mphaka, choncho musagwiritse ntchito botolo limodzi pa ziweto zonse ziwiri.

Ngati chiweto chanu sichidafulidwe kapena kuchitidwa opaleshoni yoletsa kubereka, ganizirani zochita zimenezo tsopano. Palibe chinthu china chimodzi chimene chimakhazika pansi mtima wa mwini nyumba kuposa chimenechi. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, ndipo berelo limatenga pafupifupi masabata 9, kutanthauza kuti mphaka mmodzi amene mudagwirizana akhoza kusanduka asanu mwezi wachitatu usanathe. Galu wamkazi nthawi zambiri amafuna amuna kawiri pa chaka, kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo masiku amenewo agalu a m'dera lonse amadzagona pageti panu, kumenyana ndi kulira usiku wonse. Kumene kuli kotheka, muikitseninso kachipangizo kodziwitsa mwini wake, kotchedwa microchip. N'kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kamaikidwa pansi pa khungu ndipo kamasunga nambala ya manambala 15 imene dokotala amaiwerenga ndi makina. Sikasonyeza kumene chiweto chili ngati foni. Kamangothandiza kuti chikapezeka chibwezedwe kwa inu. Ku England lamulo lidayamba kukakamiza zimenezi pa agalu mu 2016 ndipo pa amphaka mu Juni 2024.

Mukatero lembani tsamba limodzi lofotokoza chiwetocho: dzina, mtundu, zaka, kulemera kwake, chithunzi chooneka bwino, maola amene chimatsala chokha pa tsiku, ndi amene amachisamala inu mukachoka. Musakometse. Ngati galu wanu amauwa munthu akagogoda, nenani choncho, ndipo muwonjezere kuti amasiya mukamuletsa. Pepala lamphamvu koposa onse ndi kalata yochokera kwa mwini nyumba amene mukuchokako, yonena kuti mudakhalamo zaka zakuti ndi chiwetocho, lendi mumalipira pa nthawi yake, ndipo nyumba mudaisiya ili bwino. Ziganizo zitatu zokha ndi nambala yake ya foni, ataloleza kuti iperekedwe, n'zokwanira. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Pa nkhani ya lendi, kumene mwachokako ndi kumene kumakutsegulirani kapena kukutsekerani khomo lotsatira.

Kulankhula ndi mwini nyumba

Anthu amasiyana maganizo pa nthawi yoyenera kutchula chiweto. Ena amati nenani pafoni pomwepo kuti musataye nthawi, ena amati dikirani mpaka mutaonana. Ine ndimati ngati chilengezo sichidaletse ziweto, pitani kaye mukaonane maso ndi maso, ndipo mukanene pa ulendo woyamba womwewo, musanakambe za ndalama. Pafoni munthu amakana mosavuta chifukwa akukana mawu chabe. Akakuonani mwafika pa nthawi yake, mwapukuta nsapato pakhomo, mwafunsa mafunso anzeru okhudza madzi ndi magetsi, ndiye kuti pofika pa nkhani ya galu akuyeza munthu amene wamuona.

Ndidaonerapo izi ndikuperekeza mnzanga wina. Titazungulira nyumba yonse, iye adaima pakhonde n'kunena kuti, "Mayi, nyumbayi ndaikonda, koma ndisanapitirire pali chinthu chimene muyenera kudziwa. Ndili ndi galu mmodzi wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi." Nkhope ya mayiwo idasintha nthawi yomweyo. "Iii, bambo, za agalu ine ndidalapa. Amene adatuluka muno adandisiyira chitseko cha kukhitchini chili zibowo zokhazokha." Mnzangayo sadatsutse, ndipo sadayambe kutamanda galu wake. Adapempha kuti akachione chitsekocho. Atachiona adati, "Apa galu ankatsekeredwa yekha nthawi yaitali. Wanga amatsala yekha maola anayi, masana mwana wanga amakhala atabwera kusukulu. Nayi kalata ya kumene ndikuchoka, mukhoza kuwaimbira. Ndipo ngati mungalole, ndibwere naye Loweruka mudzamuone nokha." Mayiwo adatenga kalatayo, naiwerenga kawiri, n'kunena kuti aganizira. Loweruka lake galuyo adafika atayenda kale mtunda wautali, atasamba, ali pachingwe, ndipo adangogona pansi pafupi ndi mapazi a mbuye wake. Makiyi adaperekedwa Lolemba.

Chimene chidagwira ntchito pamenepo n'chakuti mnzangayo adafunsa za vuto lenileni limene lidachitika, n'kuyankha limenelo. Kuyendetsa galu asanakaonekere si chinyengo. Ndi mmene galu wosamalidwa amayenera kukhalira tsiku lililonse. Mphaka musamunyamule kupita naye kumalo achilendo, chifukwa mantha amamuchititsa zinthu zimene sachita kunyumba. Kavidiyo kakafupi ka pafoni ndi zithunzi za nyumba imene mukukhala pano, zoonetsa zitseko ndi makatani ali bwinobwino, zimakwanira.

Ngati akukayikirabe, muli ndi zinthu zingapo zimene mungapereke: kusaina mgwirizano wa nthawi yotalikirapo, popeza m'tauni yaing'ono nyumba ikakhala yopanda munthu miyezi iwiri mwini wake amamva kuwawa, kulola kuti adzayendere nyumba pakatha mwezi woyamba ndi wachitatu, kulonjeza molemba kuti potuluka mudzayeretsa ndi kupopera mankhwala a utitiri ndi ndalama zanu. Musalonjeze zimene simungakwanitse. Mukanena kuti galu sadzalowa m'nyumba pamene amagona pafupi ndi bedi lanu chibadwire, mwadzitchera nokha msampha.

Za kubisa chiweto ndinene mwachidule: musayese. Mumzinda mwina zingatheke kwa kanthawi, koma m'tauni imene woyendetsa galimoto yosamutsa katundu ndi mlamu wake wa mwini nyumba, chinsinsi chanu sichifika Lamlungu. Mukagwidwa mukhoza kutaya nyumba, dipoziti ndi mbiri pa tsiku limodzi.

Yang'anani nyumbayo ndi maso a chiwetocho

Chilolezo chokha sichipangitsa nyumba kukhala yoyenera. Mukamaona nyumba, yendani m'mbali mwa mpanda wonse, osangoyang'ana muli pakhonde. Gwadani pageti muone mpata umene uli pansi pake. Pamene pangalowe mutu wa galu, thupi likhoza kutsatira. Kankhani mapolo kuti mumve ngati akugwedera, ndipo onani ngati pali mulu wa njerwa, thanki kapena khola pafupi ndi mpanda zimene galu angakwerepo n'kudumphira kunja. Funsani ngati bwalo ndi lanu nokha kapena mukugawana ndi mabanja ena, chifukwa pabwalo logawana geti limasiyidwa lotsegula kangapo pa tsiku, ndipo chilolezo cha mwini nyumba sichimanga anthu enawo. Imani kanthawi mumvetsere msewu. Matauni ambiri ang'onoang'ono adamangidwa motsatira msewu waukulu umodzi umene magalimoto akuluakulu amadutsamo usana ndi usiku, ndipo nyumba yoyang'ana msewu wotero si ya mphaka woyendayenda.

Onaninso zimene aneba amaweta. M'tauni yaing'ono minda ndi makola zimayambira kuseri kwa nyumba zomalizira, ndipo galu amene sadaonepo nkhuku, nkhosa kapena mbuzi amatha kuzithamangitsa tsiku loyamba. M'mayiko ambiri lamulo limakhala kumbali ya mlimi pa nkhani imeneyi, ndipo mlandu wake ndi wanu.

M'kati mwa nyumba, pansi pa simenti yosalala kapena matailosi mpabwino kuposa pa kapeti kapena matabwa. Ngati ndi fulati ya pamwamba, ganizirani za galu wokalamba pa masitepe, za munthu wokhala pansi panu amene adzamva zikhadabo zikugogoda usiku, ndi za mazenera kapena khonde lopanda chotchinga, popeza amphaka amagwa ndithu ndipo amathyoka. Tsegulani makabati a pansi pa sinki ndi kusuzumira kuseri kwa chitofu ndi m'chipinda chosungira katundu: anthu otuluka amasiya mankhwala a makoswe m'makona, ndipo ambiri mwa mankhwalawa amaletsa magazi kuundana, moti galu akadya zizindikiro zimadzaoneka patapita masiku angapo. Pabwalo, chitsamba cha oleander ndi poizoni kwa agalu ndi amphaka omwe, ndipo maluwa a lily amawononga impso za mphaka. Pomaliza, funsani kuti dokotala wa ziweto wapafupi ali kuti, komanso kuti usiku kapena Lamlungu anthu amathamangira kuti, chifukwa m'madera ena ndi ulendo wa ola lathunthu.

Ndalama ndi malamulo

Malamulo a nkhani imeneyi amasiyana kwambiri dziko ndi dziko, nthawi zina chigawo ndi chigawo, choncho fufuzani a kumene mukupita musanavomere chilichonse. Ku France, lamulo la pa 9 Julayi 1970 limati chiganizo cha mumgwirizano choletsa kusunga chiweto cha m'nyumba chilibe mphamvu, malinga ngati chiwetocho sichikuwononga nyumba kapena kusowetsa ena mtendere. Ku Germany, khothi lalikulu la Bundesgerichtshof lidagamula mu Malichi 2013 kuti chiletso cha agalu ndi amphaka onse cholembedweratu m'fomu ya mgwirizano n'chosagwira ntchito, ngakhale kuti zimenezo sizipatsa munthu ufulu woweta chilichonse. Nkhani iliyonse imayezedwa payokha. M'chigawo cha Ontario ku Canada, lamulo la Residential Tenancies Act la 2006 limafafaniza chiganizo choletsa ziweto, komabe mwini nyumba akhoza kukukanani musanasainirane. Ku England, lamulo la Renters' Rights Act la 2025 limapatsa munthu wa lendi ufulu wopempha kusunga chiweto, ndipo mwini nyumba sayenera kukana popanda chifukwa chomveka. M'mayiko ena ambiri mulibe lamulo lapadera, ndiye chimene chimalamula ndi mgwirizano umene mwasaina.

Dipoziti nayonso ili ndi malire ake m'malo ena. M'chigawo cha British Columbia ku Canada dipoziti ya chiweto siyenera kupitirira theka la lendi ya mwezi umodzi, ku Ontario siloledwa n'komwe, ndipo ku England lamulo la Tenant Fees Act la 2019 lidaika malire a dipoziti yonse pa lendi ya masabata asanu pa nyumba zambiri, zomwe zidachititsa eni nyumba ena kuyamba kuwonjezera lendi ya pamwezi kwa anthu a ziweto. Kusiyana kwa ziwirizi kumvetseni bwino. Dipoziti imabwerera ngati simudawononge kanthu, pamene ndalama yowonjezera pa lendi imapita osabwerera, ndipo mukaiwerengera miyezi 24 mukhoza kupeza kuti kandalama kooneka kochepa kaposa dipoziti. Mukapatsidwa mwayi wosankha, dipoziti ndiyo yabwino. Agalu othandiza anthu olumala, monga otsogolera osaona, ali m'gulu lina: ku United States lamulo la Fair Housing Act siliwawerengera ngati ziweto wamba, ndipo pa nyumba zimene lamuloli limakhudza, mwini nyumba salipiritsa dipoziti ya chiweto pa iwo. Funsaninso kukhonsolo ngati agalu amafunika laisensi, ngati pali malire a chiwerengero, ndiponso ngati mtundu wa galu wanu uli woletsedwa.

Zilembedwe

Pano ndikulankhula zimene zidandionekera ndekha. Ndidakhalapo m'nyumba ya bambo wina wachikulire amene adandilola kusunga mphaka ndi mawu apakamwa, tikugwirana chanza pageti. Mgwirizano umene ndidasaina udali fomu yakale yokhala ndi mzere woletsa ziweto, ndipo nditauloza iwo adaseka n'kunena kuti zimenezo n'zongolemba. Patatha chaka ndi theka adadwala, ndipo mwana wawo ndiye adayamba kutolera lendi. Tsiku lina adabwera kudzaona mpope wodontha, n'kupeza mphaka atakhala pazenera la kukhitchini akunyambita dzanja. Sadakweze mawu. Adangotulutsa fomu ija m'chikwama, n'kuika chala pa mzere womwe uja. Ndidalibe choyankha, ndipo mwezi wotsatira ndidali ndikusakanso nyumba.

Choncho mzere woletsa ziweto ukhwatchidwe, ndipo nonse awiri musaine pambali pake. Pakhale chiganizo chotchula chiwetocho: mtundu, chiwerengero ndi dzina. Palembedwe ndalama ya dipoziti, zimene ingadulidwire, ndi masiku amene idzabwezedwe mukatuluka. Palembedwenso chimene chidzachitike aneba akadandaula. Chilungamo n'chakuti mulandire chenjezo lolemba ndi masiku okonzera vutolo, osati kuthamangitsidwa nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kumanga kanyumba ka galu kapena kukweza mpanda, zilembedwe kuti alipira ndani ndipo zidzatsala kapena mudzazichotsa. Funsaninso ngati chilolezocho chidzagwirebe ntchito chiwetochi chikafa inu n'kupeza china. Ngati fulatiyo ili m'nyumba yosanja imene ili ndi komiti kapena malamulo akeake, aoneni malamulowo, chifukwa mwini fulati sangakupatseni ufulu umene iye mwini alibe. Sungani kope lanu ndi malisiti onse.

Tsiku lolandira makiyi, katundu asanalowe, jambulani chitseko chilichonse mbali zonse ziwiri, makamaka m'munsi, pamodzi ndi mafelemu, sefa za m'mazenera, makona a pansi, mpanda ndi bwalo. Mutumizireni mwini nyumba zithunzizo tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Popanda zimenezi, kukalika kulikonse kumene kudalipo kale kudzakhala kwa galu wanu.

Masabata oyamba

Nthawi imene ziweto zimasochera kwambiri ndi yongosamuka kumene. Mphaka muyambe mwamutsekera m'chipinda chimodzi chokhala ndi madzi, chakudya, bokosi lake la mchenga ndi kansalu kamene amagonapo kosachapa, kuti fungo lodziwika limukhazike mtima pansi. Musamutulutse panja kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo tsiku loyamba kumutulutsa likhale asanadye, kuti njala imubweze. Galu muziyenda naye pachingwe ngakhale pabwalo mpaka mutatsimikiza kuti mpanda ulibe potulukira, ndipo nambala ya foni ya pa lamba wa m'khosi ndi adiresi yolembetsedwa pa microchip zisinthidwe sabata yomweyo.

Pitani kwa aneba a mbali zonse musanamve dandaulo. Auzeni dzina la galu, apatseni nambala yanu, ndipo apempheni kuti akamva akuuwa inu kulibe akuuzeni inuyo. Munthu amene wapatsidwa nambala amaimbira inu. Amene sadapatsidwe amaimbira mwini nyumba. Kuti mudziwe zoona zake, siyani foni yakale ikujambula mawu tsiku limodzi mukamapita kuntchito, madzulo mudzamvetsere. Zonyansa za galu muzitola tsiku lililonse, pabwalo ndi m'njira momwe, popeza walira mvula walira matope.

Zikachitika kuti tsiku losamuka lafika nyumba yololeza isanapezeke, musasaine mgwirizano wa chaka chonse pa nyumba yoletsa ziweto poganiza kuti mudzaona kutsogolo. Pezani pokhala pa mwezi umodzi kapena iwiri, chiwetocho chikhale kaye kwa wachibale, kwa mnzanu kapena kumalo osungira ziweto kolipira, mutagwirizana tsiku lodzachitenga ndi amene agule chakudya. Kulitsaninso dera limene mukusakamo. Nyumba za kunja pang'ono kwa tauni, makilomita asanu kapena khumi, kawirikawiri zimakhala ndi mabwalo aakulu, zimachedwa kupeza anthu, ndipo eni ake adazolowera kukhala ndi nyama pakhomo, moti funso lawo loyamba silikhala lakuti muli ndi galu kodi, koma lakuti galuyo amatani akaona nkhuku.